Mukafuna kugula makina a laser ogwirira ntchito pakhomo ku Lilongwe

Pamaukwati ndi pama bridal shower a mu Lilongwe masiku ano, keke imaoneka ngati yosatha ikakhala yopanda mayina a akwati pamwamba, odulidwa pa kathabwa kopyapyala kapena pa pulasitiki wonyezimira. Pamisonkhano ya mabungwe mumalandira botolo la madzi lolembedwa dzina lanu, zolemba zosachoka ndi sopo. Ntchito yotereyi imatheka ndi makina a laser okwana patebulo, odula ndi kulemba pogwiritsa ntchito kuwala kowotcha, ndipo anthu aluso la manja ayamba kufunsana kuti agule ati.

Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti makinawo ndi a mawati angati. Funsolo lili ndi malo ake, koma si loyamba. Makina amene munthu wa ku London akuwatamanda pa YouTube akhoza kukhala chipsinjo kuno, chifukwa iye kachida kakawonongeka amaitanitsa kena n'kufika mawa lake, pamene inu mudikira milungu, mutavutikiranso madola. Choncho tiyambire pa zimene zili pafupi nanu.

1. Yambani ndi katundu amene mudzagulitse

Tengani pepala mulembe zinthu zimene mukutsimikiza kuti anthu adzakulipirani, osati zimene mwangoziona zokongola pa Pinterest. Pambali pa chilichonse lembani chipangizo chake ndi kukhuthala kwake m'mamilimita. Mayina a pakeke: pulayiwudi wa 3 mm kapena acrylic (pulasitiki wolimba wonyezimira) wagolide. Ndolo: kathabwa ka 2 kapena 3 mm. Mapu a Malawi opachika pakhoma: pulayiwudi wa 4 kapena 6 mm. Mphoto za ana asukulu ndi za mipikisano: acrylic woonekera mkati. Mabotolo: chitsulo chopentedwa. Mndandanda umenewu ndiwo udzakusankhireni makina, monga muone pansipa.

Mukatero, nyamukani mukaone ngati zipangizozo zikupezeka mumzinda muno. Yendani m'mashopu a zomangira ku Malangalanga ndi ku Old Town, mufunsenso olemba zikwangwani kuti Perspex, yemwe ndi acrylic yemweyo, amamugula kuti, wamitundu iti, ndiponso ngati amalola kugula chidutswa osati shiti yonse. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bizinesi yodalira acrylic wa kunja amene amafika mwa apo ndi apo idzakukhalitsani manja lende nyengo ya maukwati ikafika.

Pa pulayiwudi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndiye amasowetsa mtendere anthu ambiri. Wa m'mashopu a zomangira, kaya ndi wa ku Chikangawa kapena wochokera kunja, anapangidwira siling'i ndi mipando. Kunja amaoneka wosalala, koma mkati mumakhala mfundo, mipata ndi malo ounjikana guluu. Laser ikafika pamenepo siiboola, ndipo mumangozindikira mutanyamula thabwa kuti dzina ladulika ponseponse kupatula pachilembo chimodzi. Pali njira yomuyesera musanagule. Ngati shiti ndi yopyapyala, ya 3 mm, iimikeni pamalo amdima pang'ono, muyatse tochi ya foni n'kuigunditsa kuseri kwake, muziyendetsa pang'onopang'ono. Pamene mkati muli bwino, kuwala kumaoneka kofiirira mofanana. Pamene pali mfundo kapena guluu wambiri, pamaoneka chigamba chakuda. Shiti ya zigamba zambiri isiyeni. Mupewenso yopindika, chifukwa laser imadula bwino pokhapokha mtunda wa pakati pa mutu wake ndi thabwa ukhale wofanana paliponse.

Matabwa enieni musagule athunthu poyamba. Akalipentala a ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 amakhala ndi zidutswa zotsala zimene angakugulitseni motchipa, n'kukupalirani. Mtengo wowala monga malaina kapena nsungwi umaonetsa zolemba bwino kuposa wakuda. Mlombwa ndi mbawa zimakongola, koma zolemba zake zimafuna kuzamitsa kuti zioneke. Paini ali ndi utomoni ndiponso mizere yolimba mosiyana, choncho chithunzi cha nkhope ya munthu pa paini chimatuluka chamawangamawanga.

2. Sankhani mtundu wa laser

Ilipo mitundu ikuluikulu itatu, ndipo imasiyana pa mtundu wa kuwala kumene imatulutsa. Chinthu chimapsa pokhapokha chikamwa kuwalako. Chikakulola kudutsa kapena chikakubweza, palibe chimene chimachitika, ngakhale muwonjezere mphamvu chotani.

Laser ya diode imatulutsa kuwala kwabuluu, kwa pafupifupi 450 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala). Ndi yopepuka, siifuna madzi oziziritsira, ilibe magalasi oti muziwongola, ndipo ndiyo yotsika mtengo. Imadula ndi kulemba pa matabwa, mapepala, chikopa ndi acrylic wakuda kapena wamitundu yakuda. Imachotsa penti pa mabotolo n'kusiya dzina lonyezimira, ndipo imatha kudetsa stainless steel ngakhale imachedwa. Chimene siingachite ndi kudula acrylic woonekera mkati: kuwala kwabuluu kumangomudutsa n'kukawotcha chimene chili pansi pake. Acrylic woyera ndi wabuluu nayenso amaikanika kapena kuivuta kwambiri. Mayina amene mudzakumane nawo ndi xTool, Ortur, Atomstack, Sculpfun ndi Creality Falcon.

Laser ya CO2 ili ndi chubu chachitali chagalasi, ndipo kuwala kwake, kwa 10,600 nm, sikuoneka ndi maso. Imeneyi ndiyo imadula acrylic wamtundu uliwonse n'kusiya m'mphepete mosalala monyezimira, imalemba pa matambula agalasi, ndipo pa matabwa imathamanga kuposa diode. Koma imabwera ndi zofuna zake. Chubucho chiyenera kuzungulidwa ndi madzi ozizira nthawi yonse imene chikuyaka. Kuwala kumadutsa pa magalasi atatu kusanafike pa lens, kagalasi kosonkhanitsa kuwala pakadontho kamodzi, ndipo magalasiwo akasuntha pang'ono paulendo muyenera kuwawongola nokha. Mkati mwake muli magetsi opitirira mavoti 10,000. Chubu chimakalamba, ngakhale chitangokhala osagwira ntchito, ndipo chatsopano chimayenda ulendo wautali chili chagalasi. Yotchipa kwambiri mwa mtunduwu ndi imene amaitcha K40, ya 40W, yokhala ndi malo ogwirira ntchito a pafupifupi 300 ndi 200 mm, kutanthauza kuti chinthu chachikulu kuposa pepala la A4 sichilowa. K40 ndi ya munthu wokonda kumasula ndi kukonza zinthu. Zilipo zina zokonzeka bwino, monga xTool P2 ya 55W kapena za OMTech, koma mtengo wake umakwera kwambiri.

Yachitatu ndi fiber, ya 1064 nm, yolembera pa zitsulo: mphete, zida, timapuleti ta manambala a katundu wa m'maofesi. Matabwa siidula. Ngati ntchito yanu si ya zitsulo zokhazokha, idutseni.

Tsopano bwererani ku pepala lanu lija. Ngati zambiri ndi za matabwa, chikopa ndi mabotolo, maganizo anga ndi akuti mugule diode. Ngati ndalama zanu zidzachokera ku mphoto ndi zikwangwani za acrylic woonekera, palibe kuzemba, ndi CO2 basi, ndipo mukonzekere zonse zimene imafuna. Ngati acrylic woonekera ali pa chinthu chimodzi chokha pamndandandawo, gulani diode, ntchito imodziyo muzikadulitsa kwa ena amene ali ndi makina akuluakulu.

3. Werengani mawati mosamala

Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Makina a diode ali ndi manambala awiri: mphamvu ya magetsi imene amakoka ku soketi, ndi mphamvu ya kuwala kumene kumatuluka kumutu n'kukawotcha thabwa. Yachiwiriyo ndiyo imadula. Ogulitsa ena pa intaneti amalemba 40W kapena 80W ndi zilembo zikuluzikulu, koma mukatsika m'munsi mwa tsamba, pamene alemba kuti optical power kapena output power, mupeza 5W kapena 10W. Wogulitsa amene sanalembe nambala imeneyi mufunseni, ndipo akamazungulira pitani kwina.

Ya 5W imalemba bwino kwambiri chifukwa kadontho kake n'kakang'ono, koma pa pulayiwudi wa 3 mm imabwereza kangapo isanaboole. Ya 10W imamudula kamodzi kapena kawiri akakhala wabwino. Ya 20W imafika pa 5 kapena 6 mm popanda kudandaula. Zilipo za 40W, zimene amazipanga pophatikiza ma diode angapo m'mutu umodzi, koma mtengo wake umayandikira wa CO2 pamene acrylic woonekera siimudulabe. Kwa munthu woyamba amene akufuna kugulitsa, 10W kapena 20W ndiyo yoyenera. Mavidiyo oonetsa makina akudula thabwa la 15 kapena 20 mm asakutengeni mtima. Zimatheka, koma mobwereza kambirimbiri, ndipo m'mphepete mumatsala makala oti simungapatse kasitomala.

Muonenso kukula kwa malo ogwirira ntchito. Makina ambiri a diode osatseka amakhala ndi pafupifupi 400 ndi 400 mm, zokwanira ntchito zambiri zapakhomo. Ngati mabotolo ali pamndandanda wanu, onetsetsani kuti makinawo amalola kulumikiza rotary, kachida kotembenuza botolo pamene likulembedwa, ndiponso kuti ali ndi miyendo yowakwezera.

4. Maso, utsi ndi moto

Makina otchipa a diode amabwera opanda bokosi: zitsulo zinayi ndi mutu woyenda pamwamba, kuwala kuli poyera. Amenewa ali m'gulu la Class 4, lomwe ndi loopsa kwambiri pa magulu onse a laser. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti tisamayang'ane moto wa owotcherera zitsulo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa owotcherera umakusowetsa tulo ndi maso othotha n'kuchira, pamene laser imawotcha kumbuyo kwa diso munthu asanaphethire n'komwe, ndipo popsapo sipabwereranso. Sikuti mpaka uyang'ane mwachindunji ayi. Kuwala kongonjanja pa chitsulo chonyezimira n'kokwanira.

Inu mukhoza kuvala magalasi oteteza. Nanga mwana wolowa mothamanga, kapena wantchito wobwera kudzasesa? Ambirife timakhala pa ploti imodzi ndi mabanja ena, ana ali ponseponse. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa makina otseka, amene amazima okha chivindikiro chikatsegulidwa, monga xTool S1 kapena Creality Falcon2 Pro. Ngati thumba silikulola, gulani osatsekawo koma muwerengeretu ndalama ya bokosi. Wowotcherera aliyense wodziwa ntchito angakupangireni la malata. Kawindo koonera mkati kakhale ka pulasitiki wopangidwira laser ya buluu, woitanitsa pamodzi ndi makinawo, osati Perspex wamba chifukwa choti ndi wa orenji. Magalasi ovala akhale olembedwa manambala awiri: mtundu wa kuwala kumene amatchinga, wophatikizapo 450 nm, ndi mphamvu yake yotchingira, OD 5 kapena kupitirira apo. Aja obwera mwaulere m'bokosi opanda cholembedwa chilichonse musawadalire.

Utsi ndi wambiri kuposa m'mene mavidiyo amaonetsera, ndipo wa pulayiwudi ndi MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) umakhala ndi guluu wopsa. Mufunika fani yokoka ndi paipi ya 100 mm yotulutsira kunja. Paipiyo ikhale yaifupi, yosapindapinda, ndipo polowera pawindo mutseke bwino kuti utsi usabwerere. Muone kumene ikulavulira: ikaloza pawindo la aneba kapena pachingwe choyanikira zovala, nkhani ifika kwa alandilodi sabata isanathe. Makina osefera utsi m'nyumba alipo, koma zosefera zake zimadzaza n'kufuna zatsopano zochokera kunja. Chipinda chogona si malo a laser. Galaja, boyizikota kapena kachipinda kapadera kokhala ndi loko ndiye malo ake.

Musagule makina opanda air assist, kapampu kouzira mpweya pamene laser ikudula. Mpweyawo umathamangitsa utsi, umachepetsa malawi, umateteza lens ku mwaye, ndipo m'mphepete mumatuluka moyera. Pansi pa thabwa pakhale honeycomb, chitsulo chazibowo chija, ndi lata pansi pake kuti tebulo lisapse.

Za moto ndinene mwachidule: makina akamadula, inu mukhale pomwepo. Osati kukatsegula geti, osati kukaona ndiwo pambaula. Makatoni ndi mapepala zimayaka msanga, ndipo tizidutswa tounjikana pansi pa honeycomb timagwira moto mosaoneka. Pafupi pakhale chozimitsira moto, makamaka cha mpweya wa CO2 chifukwa chaufa chimawononga makina, komanso nsalu yonyowa.

5. Magetsi athu

Kuno magetsi ndi a 230V, 50Hz, ndipo soketi zathu ndi za mapini atatu amakona. Makina ambiri a diode amabwera ndi adapta yolembedwa 100–240V, imene imagwira kulikonse. A CO2 nthawi zambiri amapangidwira mbali imodzi, choncho poitanitsa sankhani a 220V. A 110V opangidwira ku America mukawalumikiza kuno apsa. Pulagi ikabwera ya mapini awiri kapena yachilendo, sinthani chingwe kapena pulagi. Zotokosa soketi ndi kamtengo zija musachite pa makina amenewa. Kwa CO2, itanani wamagetsi ayese ngati waya wa earth m'nyumbamo ukugwiradi ntchito, chifukwa si nyumba iliyonse yalendi imene uli bwino.

Magetsi a ESCOM akazima pakati pa ntchito, thabwa limawonongeka, pokhapokha makina athe kupeza malo enieni amene anasiyira. Apa ndi pamene ma limit switch amathandiza. Ndi timaswichi tapakona timene timalola mutu kubwerera poyambira pomwepomwepo nthawi zonse. Akakhala nato, ndipo thabwa simunalisunthe, mukhoza kupitiriza magetsi akabwera. Funsani wogulitsa ngati tilipo, chifukwa makina ena otchipa alibe.

Ubwino wina wa diode uli pano. Werengani adapta yake: ikalembedwa 24V ndi 5A, ndiye kuti siipitirira mawati 120. Mukaphatikiza pampu ya mpweya, fani ndi laputopu, inveta yapakatikati ya pure sine wave yokhala ndi batire labwino kapena sola imakwanitsa. CO2 pamodzi ndi pampu ya madzi, fani ndi choziziritsira imakoka mawati mazana angapo, choncho imafuna inveta yaikulu kapena jenereta. Mulimonsemo, ikani chotetezera ngati fridge guard pakati pa soketi ndi makina, chifukwa nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwera.

Amene mwasankha CO2, madzi ake akhale opanda mchere (distilled water), aja othira m'mabatire amene amagulitsa pamafiling'i siteshoni, koma muwerenge botolo kuti si asidi. A pampopi amasiya zoyanga m'chubu. Kutentha kwa madziwo kusapitirire 25°C, ndipo mu Okutobala ndi Novembala ndowa ya malita 20 imafunda msanga. Ena amaponyamo mabotolo otseka a madzi oundana, zimene zimathandiza bola musaziziritse mpaka chubu kuchita thukuta. Pogula choziziritsira dziwani kuti CW-3000 ndi fani chabe, siingatsitse madzi kuposa kutentha kwa m'chipinda. CW-5000 ndi CW-5200 ndizo zili ndi kompresa. Pa K40 musamakweze mphamvu kupitirira pafupifupi 15 mA (muyeso wa magetsi odutsa m'chubu) ngati mukufuna chubu chikhalitse.

Fumbi la chilimwe nalonso ndi mdani. Makina akapuma muziwafunditsa nsalu.

6. Pulogalamu yoyendetsera

Funsani funso limodzi: kodi makinawa amagwira popanda intaneti? Glowforge, yotchuka kwambiri ku America, imadalira intaneti pa ntchito iliyonse. Bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa, makina aima. Kuno zimenezo sizithandiza.

Makina ambiri a diode amayendera GRBL, kapulogalamu ka mkati mwa makinawo, ndipo amenewa amagwira ndi LaserGRBL, yaulere koma ya Windows yokha, kapena LightBurn, yolipira, imene amalola kuiyesa kwa masiku 30. LightBurn ndiyo ambiri ochita bizinesi amagwiritsa ntchito, ndipo maphunziro ake ndi ochuluka pa YouTube. K40 yosasinthidwa bodi siigwira ndi LightBurn, imayendera K40 Whisperer, yaulere. Pojambula, Inkscape ndi yaulere ndipo imakwanira, pamene amene munazolowera CorelDRAW kuntchito ya zikwangwani pitirizani nayo. Ikani mapulogalamuwa pakompyuta yanu makina asanafike, muyambiretu kuphunzira kujambula.

7. Kuitanitsa ndi kuombola

Mtengo umene mukuona pa intaneti si umene mudzalipire. Onjezerani wonyamulira, inshuwalansi, msonkho wa MRA, ndalama ya woombola katundu, ndi zida zonse tatchulazi: bokosi, fani, paipi, air assist, honeycomb, magalasi, rotary. Msonkho amauwerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wonyamulira ndi inshuwalansi, osati pa mtengo wa makina wokha. Musanatumize ndalama iliyonse, pitani kwa woombola katundu wovomerezeka ndi chithunzi cha makinawo ndi invoyisi, akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Njira zilipo zingapo. Pandege, kudzera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, katundu amafika msanga, koma amalipiritsa potengera kulemera kapena kukula kwa bokosi, chimene chaposa chinzake. Diode yosatseka imabwera yomasula m'bokosi lopepuka, choncho pandege zimatheka. CO2 ndi yolemera, ngakhale K40 imapitirira makilogalamu 20, ndipo imayenera sitima kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, ndi ma ejenti ophatikiza katundu ku China. Imatenga miyezi, ndipo muumirire kuti aiike m'bokosi lamatabwa. Njira ina ndi kugula ku South Africa, kumene kuli ogulitsa osunga zida zosinthira, katundu n'kubwera pamsewu kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza. Mtengo umakwererapo, koma kwa wogula CO2 kukhala ndi chubu chatsopano pamtunda wa basi imodzi ndi chinthu chachikulu.

Kumbukirani kuti chilichonse cha makinawa chimagulidwa m'madola. Amene anali pabizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa m'mene mtengo wa katundu wakunja umasinthira usiku umodzi. Choncho zida zotha msanga zigulireni limodzi ndi makina, zibwere m'bokosi lomwelo: timagalasi toteteza lens, lens yapadera, malamba, ndipo kwa CO2 magalasi atatu aja. Walanti musaiike mumtima kwambiri. Funsani wogulitsa, molemba, ngati kachida kakafa adzakutumizirani kuno ku Malawi, ndiponso ndani adzalipire wonyamulira.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka nthawi zina pa Facebook. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanawaone. Pitani ndi chidutswa chanu cha pulayiwudi wa 3 mm, awayatse, adule kabokosi kakang'ono pakona iliyonse mwa zinayi ndi pakati. Akadula bwino pakona imodzi n'kulephera ina, pa CO2 ndi magalasi osawongoka, zimene zimakonzeka. Akalephera paliponse lens ili yoyera, ndiye kuti chubu kapena mutu watopa, ndipo mtengo wa watsopano muuchotsere pamtengo wa makinawo.

8. Zimene simuyenera kulowetsamo

PVC ndiye woyamba. Akapsa amatulutsa mpweya wa chlorine umene umasanduka asidi, wowononga mapapo ndiponso wochititsa dzimbiri makina onse. Vuto ndi loti PVC amabisala: ali m'mabana a flex, m'mastika a vinyl, m'mapaipi, ndi m'chikopa chabodza chija okuta mipando amagwiritsa ntchito. Kasitomala akabwera ndi chikwama kapena kava ya dayale n'kunena kuti ndi chikopa, yesani kaye. Tengani waya wa kopa wopanda chikutiro, muugwire ndi pulayala, muutenthetse pamoto wa gasi mpaka ufiire, muugunditse pakachidutswa kobisika kuti pang'ono pamatirire, n'kuubwezera pamoto. Lawi likasanduka lobiriwira, muli chlorine, musadule. Chitani zimenezi panja.

Polycarbonate amafanana ndi acrylic koma amasungunuka, kuda ndi kuyaka. ABS ndi fibreglass zimatulutsa utsi wapoizoni. Matabwa othira mankhwala a chiswe, aja obiriwirako, ali ndi mankhwala oopsa akapsa. Chikopa chenicheni chikhale chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, osati ndi chrome. Chinthu chimene simukuchidziwa chisalowe m'makina, ngakhale mwini wake atalonjeza kulipira kawiri.

9. Makina akafika

Jambulani vidiyo potsegula bokosi, kuti china chikakhala chosweka mukhale ndi umboni. Pomanga diode yosatseka, yezani makona opingasana ndi tepi: akafanana, fulemu yawongoka. Malamba akhale okoka koma osachita kulira. Kenako dulani bwalo ndi bokosi la 50 mm, muyeze. Bwalo likatuluka ngati dzira, lamba wina ndi wolobodoka.

Musayambire pa oda ya kasitomala. Pa chipangizo chilichonse chatsopano pangani mayeso a timabokosi tambiri, kalikonse ndi liwiro ndi mphamvu yake. LightBurn ili ndi Material Test yochitira zimenezi yokha. Kachidutswa ka mayesoko mulembepo dzina la shopu imene munagula, mukasunge. Shiti ziwiri za 3 mm zochokera m'mashopu awiri sizidulika mofanana, ndipo nthawi ya dzinja thabwa lomwa chinyezi limafuna mphamvu yochulukirapo. Kuti utsi usadetse pamwamba, matani masking tape musanadule, mudzamatule pambuyo. Lens muziipukuta kawirikawiri ndi isopropyl alcohol ndi kathonje, makina atazima. Mphamvu ikayamba kuchepa mwadzidzidzi, yang'anani lens musanaganize china.

Dzina la pakeke lili ndi misampha yake. Zilembo zonse ziyenera kugwirana kuti zituluke chinthu chimodzi, choncho sankhani kalembedwe kolumikiza, muziphatikize ndi Weld mu LightBurn kapena Union mu Inkscape. Kadontho ka pa i mu dzina ngati Chikondi kapena Tiyamike kamagwa kokha mukapanda kukatsitsa kuti kagunde thupi la chilembo. Malo opyapyala kuposa 2 mm amathyoka m'galimoto keke isanafike kuholo. Muonenso ngati kalembedwe kamene mwasankha kali ndi ŵ, chifukwa tambiri tilibe, ndipo kompyuta imaikapo kabokosi kapena chilembo cha kalembedwe kena pakati pa dzina. Musanadule, tumizani chithunzi pa WhatsApp kuti mwini oda avomereze kalembedwe ka mayina ndi deti, ndipo uthenga wovomerezawo muusunge.

Poika mtengo, pulogalamu imakuuzani mphindi zimene ntchito idzatenge pamakina. Onjezerani nthawi yojambula, yokwecha ndi yopenta, mtengo wa thabwa pamodzi ndi lotayika, mayunitsi a magetsi, ndi kagawo kosungira mutu kapena chubu chatsopano, kowerengera pa mtengo wa dola wa tsikulo. Katundu wolembedwa dzina la munthu simungamugulitse kwa wina, choncho landiranitu theka la ndalama musanayatse makina.